Tiyeni ku chionetsero cha zaluso: tikaone, tikafunse, tikaphunzire

Mwezi wa Disembala ukafika, sukulu zikatsekera, anthu aluso amatulutsa katundu amene akhala akukonza kwa miyezi yambiri. Pabwalo la sukulu, muholo ya tchalitchi, pakapinga wa hotela kapena m'mbali mwa msewu waukulu, timapeza matebulo ndi mikeka itadzaza ziboliboli, madengu, miphika, mikanda ndi zikwama za chitenje. Zionetsero zoterezi zimachuluka nyengo imeneyi chifukwa ndi pamene anthu amasaka mphatso za Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Ndi pamenenso abale athu ogwira ntchito ku Joni ndi maiko ena amabwera kudzaona kumudzi, ndipo pobwerera amafuna kutenga kanthu kowakumbutsa kwawo.

Achinyamata ambiri timangodutsa malo oterewa. Timati zimenezi ndi za alendo ochokera kunja, ife sizitikhudza. Koma amene amasema, kuumba ndi kuluka ndi makolo athu ndi anansi athu, ndipo mitengo imene akusemayo ndi ya m'nkhalango zathu zomwe. Tikukupemphani kuti chaka chino kalabu yanu ipatule tsiku limodzi, mupite limodzi ku chionetsero chapafupi nanu. Ndalama zambiri sizofunika. Mungonyamula kope, cholembera ndi mafunso atatu awa.

Funso loyamba: Anapanga ndani?

Si aliyense woima kuseri kwa tebulo amene anapanga katundu ali patebulopo. Ena ndi eni luso, ena ndi opikula amene amakagula kumudzi n'kudzagulitsa m'tauni. Onsewa akufuna chakudya cha ana awo, koma tikafuna kuphunzira, tifunefune mwini luso. Tim'patse moni mwaulemu, tinene dzina la kalabu yathu, kenaka tifunse kuti, "Amayi, luso limeneli anakuphunzitsani ndani?" Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ambiri adzatiuza kuti anaphunzira kwa agogo awo kapena amalume awo, poyamba pongoonerera, kenaka pothandiza ntchito zing'onozing'ono. Ena adzatchula malo odziwika bwino. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni, amene anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada. Osema ambiri anasulidwa kumeneko, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, imene ili pamalo omwewo, imaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kufupi ndi tauni ya Dedza kulinso Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987 ndipo imaumba makapu, mbale ndi miphika yopaka utoto wowala. Malo awiriwa akutionetsa kuti ntchito yamanja ikhoza kukhala ntchito ya moyo wonse.

Funso lachiwiri: Chinatenga masiku angati?

Kutsitsa mtengo ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa amadziwa kuti tinenerera. Koma tisananenerere, tidziwe kaye ntchito imene yalowa m'chinthucho.

Taganizirani mphika. Mayi amakakumba dothi kumtapo, nalisenza pamutu mpaka kunyumba. Amachotsamo timiyala, kuliponda, kuumba, kukulungiza ndi mwala wosalala, n'kudikira masiku angapo kuti mphika uume pamthunzi. Akatero ndiye amawotcha, ndipo pamoto ina imasweka. Nthawi ya dzinja dothi siliuma msanga, choncho miphika yambiri imene timaiona mu Disembala inaumbidwa m'miyezi ya chilimwe. Lichero nalo limayambira kukadula nsungwi, kuzing'amba, kuzipala kuti zisalale, kenaka kuluka. Mkeka umafuna mlaza, mphasa imafuna bango. Wosema amayamba ndi nkhwangwa, kenaka kasemasema, tchizulo ndi sandipepala, mpaka manja atatuluka matuza.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti chinthu china chagulidwa pa K10,000. Zipangizo zinadya K3,000, ulendo wa minibasi K2,000, ndipo malo ogulitsira analipira K1,000. Zotsala ndi K4,000. Ngati ntchitoyo inatenga masiku anayi, ndiye kuti munthu uja wagwira ntchito ya K1,000 patsiku. Tikanenerera mpaka K7,000, wagwira masiku anayi onse pa K1,000 yokha. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma inu mukafunse enieni kwa wogulitsa amene walola, muwerengere nokha. Zinthu zinakwera mtengo kwambiri kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ulusi, mikanda, utoto ndi thiransipoti sizinasiyidwe. Mtengo umene tinkaudziwa zaka zapitazo sungakhale womwewo lero.

Funso lachitatu: Chinapangidwa ndi chiyani?

Funso ili ndi lofunika kwambiri pa tebulo la ziboliboli. Njovu zakuda zonyezimira, mipando ya mafumu ndi matabwa a bawo zimasemedwa kuchokera ku mitengo yachilengedwe monga phingo, mlombwa, muwanga ndi mbawa. Phingo ndi mtengo wolemera, wakuda mkati, woyererako kunja. Umatenga zaka pakati pa 70 ndi 100 kuti ukhwime, ndipo kunja amaufuna popanga zitoliro zoimbira nyimbo. Kuyambira mu 2017, malonda a mitengo ya mtundu umenewu pakati pa maiko akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha. Mnyamata amene wadula phingo lero sadzaona wina atakhwima pamalopo. Mwina adzauona ndi mdzukulu wake.

Nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje itiphunzitse. Mtengo wonunkhira bwinowu umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuucheka matabwa, ndipo timabokosi ta mkungudza tinali katundu wotchuka kwa alendo. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha paphiri ponse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili abzala mbande zambirimbiri, koma mbande imafuna zaka zochuluka kuti ikhale mtengo.

Sitikunena kuti tisiye kugula ziboliboli, ayi. Wosema akasowa wogula, ana ake agona ndi njala. Tikunena kuti tizifunsa dzina la mtengo. Mango, jakaranda ndi malaina ndi mitengo yobzala, imakula msanga, ndipo imasemeka. Ogula akamafunsa zinthu za mitengo yotereyi, osema nawo adzayamba kuisankha. Ena amapaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba kuti uoneke ngati phingo, chifukwa akudziwa kuti ogula amathamangira chakuda. Tikawauza kuti chiboliboli cha mango tichigula ndi mtundu wake womwewo, sadzafunikanso kubisa.

Pali zina zimene sitiyenera kugula ngakhale zitatchipa bwanji. Chilichonse chopangidwa ndi mnyanga wa njovu n'choletsedwa. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu yotereyi. Wina akatiitanira kuseri kuti ali ndi katundu wapadera, tikane ndipo tichokepo.

Posankha mphatso

Mphika wabwino umalira bwino tikaugogoda ndi chala. Ukalira mogonthera, ndiye kuti uli ndi mng'alu. Dengu kapena lichero tiliyang'ane kudzuwa, tione ngati lalukidwa mothinana ndiponso ngati mkombero wake wamangidwa molimba. Pa chiboliboli tiyang'ane timabowo ta anankafumbwe ndi ming'alu yobwera chifukwa chosema mtengo wauwisi. Chikwama cha chitenje tichitembenuze, tione msoko wamkati ndi zipi.

Mphatso siyenera kukhala yodula. Chipande cha agogo, chibangili cha mikanda cha mlongo wathu, galimoto yawaya ya mng'ono wathu, zonsezi zimakondweretsa. Ndalama imene tapereka kwa woluka wa m'dera lathu imakagula feteleza ndi yunifolomu ya mwana m'dera lathu lomweli, ndipo Januwale ndi mwezi umene mabanja ambiri amakhala pa mavuto a chakudya ndi fizi. Tisanajambule munthu kapena katundu wake ndi foni, tipemphe kaye. Ndalama tisunge m'thumba lamkati, tiyende m'magulu, ndipo tibwerere kunyumba kusanade.

Tikabwerako

Ulendowu usathere pachipata. Pamsonkhano wotsatira wa kalabu, aliyense awerenge zimene analemba m'kope lake. Mwina mudzapeza kuti m'mudzi mwanu muli agogo amene amaluka malichero abwino koma alibe wowaphunzira. Apempheni kuti aziphunzitsa kalabu kamodzi pasabata, ndipo muwathokoze ndi kenakake. Amene akufuna kupitiriza ndi ukalipentala kapena utelala akafunse za maphunziro a TEVETA, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Luso silibwera tsiku limodzi. Dengu loyamba limapindika, lachiwiri limaonekako, lachikhumi limagulitsika.

Kumbukiraninso kuti nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Pemphani malo kwa amfumu kapena kwa aphunzitsi aakulu, funsani mbande kwa alangizi a zankhalango, ndipo mubzale mbawa kapena mlombwa pamodzi ndi mitengo yokula msanga. Muitchingire mbuzi ndi moto, ndipo muilembe m'buku la kalabu kuti amene adzabwere pambuyo panu adzapitirize kuisamala.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi m'dera lathu muli anthu angati aluso la manja, ndipo ndi angati mwa iwo ali ndi wachinyamata amene akumuphunzitsa?
2. Ndi mitengo iti imene makolo athu ankasema koma masiku ano ikusowa?
3. Kodi kalabu yathu ingapange chiyani chimene tingakagulitse pa chionetsero cha chaka chamawa, ndipo tiyambe liti?