Kodi mumadziwa?

Ngati kwanu ku Mchinji mudasunga mbale za nyimbo zakale, mwina za Paul Ngozi zomwe zinkadutsa pa Mwami kuchokera ku Chipata, musadabwe zikamamveka motsika ndiponso mopanda besi mukalumikiza galamafoni yamagetsi ku sipika zamakono. Mbalezo sizinawonongeke ayi.

Pojambula mbale, makampani amachepetsa dala besi n'kukweza mawu osongoka kuti timizere ta pambale tisakule. Lamulo limeneli, lotchedwa RIAA, lidakhazikitsidwa ku America mu 1954. Kabokosi kotchedwa phono preamp ndi kamene kamabwezeretsa mawuwo m'malo mwake n'kuwakweza.

Koma sikuti kabokosi kalikonse kangagwire ntchito. Yang'anani kamutu komwe kamagwira singano. Ka mtundu wa MM, kofala kwambiri, kamatulutsa mphamvu pafupifupi mamilivoti 5 ndipo kamafuna preamp ya ma ohm 47,000. Ka MC nthawi zambiri sikafika n'komwe milivoti imodzi. Pa preamp ya MM kamangonong'ona.

Ampulifaya yakale yokhala ndi polowetsera polembedwa "Phono" ili nako kale kabokosika m'kati. Musanawononge ndalama kumsika, itembenuzeni muyang'ane kumbuyo kwake, ndipo musaiwale kumangirira kawaya kothetsa kulira kwa "huuu".