Dzina la Kandeu Pakamwa pa Msipanishi

Chichewa ndi Chisipanishi zili ndi malembo a liwu asanu ofanana: a, e, i, o, u. Zimasiyana pamene awiri mwa malembo amenewa ayandikana.

Munthu wa ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, amatchula dzina la kwawo m'maphatikizo atatu, Ka-nde-u, liwu lililonse kumveka palokha. Kalembedwe ka masiku ano kamaonetsa zimenezi poika w pakati, monga mu "mawu", pamene Buku Lopatulika la 1922 linalemba "mau".

Msipanishi angalitchule dzinali m'maphatikizo awiri okha, Kan-deu, monga amachitira ndi "deuda", kutanthauza ngongole. Kwa iye i ndi u ndi malembo ofooka, ndipo akagundana ndi a, e kapena o amatuluka nawo pamodzi m'phatikizo limodzi. Motero Buenos Aires, likulu la Argentina, ali ndi maphatikizo anayi, Bue-nos Ai-res, koma lilime lozolowera Chichewa limawatambasula kukhala asanu ndi atatu: Bu-we-no-si A-yi-re-si. Malembo amphamvu aja akakumana okhaokha salumikizana, monga mu te-a-tro.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi kamzere kolembedwa pamwamba pa í kapena ú, kamene kamalimbitsa lembo lofooka kuti liime palokha. "Secretaria" ndi mlembi wamkazi, koma "secretaría" ndi ofesi ya alembi. Mlendo wonyozera kamzereko ku Madrid angalozeredwe mayi pamene iye akufuna ofesi.