"Shortly" ndi "briefly": mawu awiri a Chingerezi amene angamusiyitse mlimi lole

Alimi ambiri a ku Angónia amagulitsa kachewere, kabichi ndi tomato kwa amalonda a ku Malawi. Ena amadzera pachipata cha Calomue kupita ku Dedza, ena amakumana ndi ogula m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Lizulu. Pamsika malonda amakambidwa m'Chichewa, koma zidziwitso za m'maofesi ndi mauthenga ena a pafoni amabwera m'Chingerezi. M'mauthenga otere muli mawu awiri amene amasokoneza anthu: "shortly" ndi "briefly".

Mawu onsewa amanena za nthawi yochepa, koma nthawi zake n'zosiyana. "Shortly" ndiye kuti posachedwa. Amanena za nthawi imene yatsala kuti chinthu chichitike. "Briefly" ndiye kuti kwa kanthawi kochepa. Amanena za nthawi imene chinthucho chitenge chikayamba.

Wogula akalemba kuti "the lorry will arrive shortly", akutanthauza kuti lole ili pafupi kufika, koma sananene kuti ikafika ikhalapo nthawi yaitali bwanji. Akalemba kuti "the lorry will stop briefly", sananene nthawi imene ifike. Wangochenjeza kuti ikaima sichedwa kunyamuka. Mlimi amene walandira uthenga wachiwiriwu asadikire kuti lole ifike ndiye akatenge ngolo. Matumba akhale atasokedwa kale ndiponso ali pamsewu, chifukwa tomato ndi kabichi sizigonera padzuwa.

Kwa anthu a mbali ya Mozambique pali msampha wina. Kuchokera pa pangano la malire la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, abale olankhula chinenero chimodzi akhala akuphunzira zinenero ziwiri zosiyana kusukulu. Mawu a Chipwitikizi akuti "breve" ndi a Chingerezi akuti "brief" anachokera ku liwu limodzi la Chilatini, "brevis". Koma pazidziwitso za Chipwitikizi, "em breve" ndi "brevemente" nthawi zambiri amatanthauza posachedwa. Choncho amene anaphunzira ku Ulónguè kapena ku Dómuè akaona "briefly" angaganize kuti ndi "brevemente". Ayi ndithu. Mnzake wa "brevemente" wa pachidziwitso ndi "shortly".

"Briefly" ali ndi ntchito inanso: amatanthauza mwachidule. Pafomu kapena pamayeso pakalembedwa kuti "explain briefly", akufuna mfundo zikuluzikulu zokha m'mawu ochepa. Sakunena kuti munthu ayankhe mothamanga.

Ngakhale atamveka bwino, mawu awiriwa satchula ola. "Shortly" wa dalaivala amene ali ku Ntcheu si wofanana ndi wa amene akunyamuka kumene ku Blantyre. Mlimi asanakumbe kapena kuthyola mbewu zosachedwa kuwonongeka, ayambe wafunsa mafunso awiri: lole ifika nthawi yanji, ndipo iima mphindi zingati?