Anthu Akabalalika Pasiwa

Mvula ya namondwe wa Freddy idagwa masiku angapo osakata. Usiku wa Lamulungu wolowera Lolemba, pa 13 Malichi 2023, matope ndi miyala ikuluikulu zidatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Nako ku Manja, ku Ndirande ndi m'madera ena a mzinda wa Blantyre kudali kulira kokhakokha. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 adasiya nyumba zawo. Mitembo ina idanyamulidwa kupita ku chipatala cha Gulupu, koma ina idatsalira pansi pa matope osapezeka konse.

Masiku amenewo tonse tidachitapo kanthu. Tidasonkha ufa, zofunda ndi ndowa, ndipo tidakazitula m'misasa ya pa sukulu monga ya Naotcha. Koma msasa si mudzi. Sukulu zidatsegulidwanso, misasa idatsekedwa, aliyense adabwerera ku ntchito yake. Chimene chidachitika pamenepo ndi chomwe chimachitika pa maliro alionse: anthu akabalalika pasiwa, amene watsala yekha ndi amene amadziwa kukula kwa tsokalo.

Wakula Kale, Adziona Yekha

Tiyeni tiyerekeze mnyamata mmodzi wa zaka 15, pakuti otere alipo m'makwalala athu ndipo timakumana nawo. Adabadwira ku Chilobwe ndipo adali mu Folomu 1. Bambo ake adamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake ankagulitsa tomato ndi masamba, ndipo ndalama ya malondawo ndi imene inkalipira lendi. Usiku wa tsokalo iye adagona kwa mnzake. Kutacha adapeza kuti pamene padali nyumba pali miyala.

Achibale atabwera, mlongo wake wa zaka 4 adaberekedwa kumsana ndi azakhali nthawi yomweyo. Palibe amene angasiye kamwana kotero. Koma pa mnyamatayu akuluakulu adayang'anizana. Wina adati nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi. Wina adati kumudzi, ku Phalombe, nakonso madzi adakokolola chimanga. Potsiriza padamveka mawu amene tidawamva kambirimbiri pa maliro: “Ameneyu wakula kale, adziona yekha.”

Mawu amenewa ndi amene amataya ana ambiri. Mnyamata wa msinkhu umenewu amadya kwambiri, amafuna ndalama za sukulu, amayankha akadzudzulidwa, ndipo sachititsa chifundo ngati khanda. Komabe kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kutalika kwa msinkhu ndi kukula kwa mawu sizichotsa umasiye.

Njira ya ku Msewu

Mwana safika mu msewu tsiku limodzi. Sabata zoyamba amagona kwa mnzake uja, mpaka mayi a mnzakeyo ayamba kuwerenga mitanda ya nsima. Kenaka amagona m'khitchini mwa anansi. Sukulu amaisiya osatsanzika, poti yunifolomu ndi makope zidapita ndi madzi. Tsiku lina amatsika wapansi kupita ku msika wa Limbe kukafuna ganyu yonyamula katundu, ndipo kukada amaona kuti palibe amene akumudikira kwina kulikonse. Amagona komweko.

Ife timawaona anawa pa Victoria Avenue, pa Haile Selassie Road, pa depoti ya Wenela ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi. Timawatcha ana masikini, ndipo tikawaona timagwiritsa chikwama. Zimene sitiona ndi za usiku. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawaza, amagona pa makatoni m'makhonde mwa sitolo atathinana kuti afunditsane. Wobwera kumene amalandidwa ndalama ya ganyu ndi anyamata aakulu, ndipo malo ogona amalipira kwa iwo omwewo. Posakhalitsa wina amamulawitsa chamba kapena kachasu, namuuza kuti ndi mankhwala a kuzizira ndi a maganizo. Kwa mwana amene akutseka maso n'kuona matope, mankhwala amenewo amakoma msanga.

Atsikana saoneka kwambiri m'makhondemo, koma tisaganize kuti iwo ali pabwino. Ambiri amatengedwa kuti akhale antchito a m'nyumba osalipidwa, ena amakwatiwa msanga, ndipo ena amagwa m'manja mwa amuna amene amagula ana ndi mbale ya chakudya.

Kwa zaka zambiri njira ya mzinda yothana ndi anthu ogona panja idali kuwasesa usiku. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wamalonda amene adamangidwa mbandakucha akupita ku malonda ake, lidagamula kuti gawo la lamulo la vakabu limene adamumangira ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chimenechi chidatikumbutsa kuti kusowa pogona si mlandu. Koma khoti silingapatse mwana khomo.

Chisoni Chimene Sichioneka Ngati Chisoni

Pa maliro athu mayi wamasiye amalira mokweza, ndipo amayi anzake amamuzungulira. Mnyamata timamutuma kukatola nkhuni ndi kunyamula mabenchi, ndipo misozi ikalengeza timamuuza kuti alimbe mtima, mwamuna salira. Iye amamvera. Chisonicho sichichoka ayi, chimangosintha nkhope.

Wachinyamata woferedwa kawirikawiri amakhala waukali. Amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, kapena amakhala duu tsiku lonse. Amadziimba mlandu: “Ndikadagona kunyumba ndikadawadzutsa.” Tulo timamuvuta, m'kalasi maganizo amathawa, ndipo mitambo ikachita bii mtima umamugunda. Kwa ana a Freddy padali mtolo winanso. Amene makolo awo sadapezeke alibe manda oti akaime pamenepo. Sadaone bokosi, sadaponye dothi, sadamete. Mwambo wa maliro umauza mtima kuti zachitikadi, ndipo pamene mwambowo palibe, mwana amakhalabe akuyang'ana nkhope za amayi mumsika.

Munthu wosadziwa zimenezi akamuona mnyamata wotere amati ndi wamwano. Ambiri amene adalandira ana amasiye ndi mtima wabwino adawabweza pa chifukwa chimenechi, osazindikira kuti mwano umene adauonawo adali maliro osalira.

Mmene Tidafikira Pano

Makolo athu adali ndi njira yawo. Pakati pa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao mwana ndi wa mbumba, ndipo mayi akamwalira amalume, eni mbumba, ndi amene amanena kumene mwanayo apite. Pamudzi padali munda, nkhokwe ndi amayi aang'ono. M'tauni mulibe munda, ndipo nyumba ya lendi imatha tsiku limene wolipira wamwalira.

Njira ya makoloyi idalemedwa kwambiri ndi matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. Pofika m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ana amasiye adali pafupifupi 1 miliyoni, ndipo agogo ambiri adatsala ndi zidzukulu zodzaza mphasa. Nthawi imeneyo ndi pamene mu Blantyre mudayamba mabungwe othandiza ana a mu msewu: Samaritan Trust mu 1993, ndi Chisomo Children's Club mu 1998. Nazo nyumba zosungira ana amasiye zidachuluka, ndipo zidapulumutsa miyoyo yambiri.

Komabe zaka zidaphunzitsa anthu chinthu china. Mwana wokulira m'nyumba yosungira ana amadya ndi kuphunzira, koma akakwanitsa zaka zotulukira amapezeka alibe kwawo, alibe ankhoswe, alibe wokamulirira akadwala. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la United Nations lidagwirizana pa mfundo zakuti mwana wosowa makolo ayambe wafuniridwa achibale ake, zikakanika apezeredwe banja lina, ndipo nyumba yosungira ana ikhale njira yotsiriza. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo ya Malawi idakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, ndipo m'lamulo limeneli muli njira yoti banja lilere mwana wa ena movomerezeka ndi boma.

Khomo Lovomerezeka

Ambiri a ife tikamva za kutenga mwana timakumbukira milandu ya woimba wa ku America, Madonna, amene adatenga ana m'dziko muno mu 2006 ndi mu 2009. Tsono timaganiza kuti zimenezi ndi za anthu olemera, za maloya ndi za makanda. Kumeneko kudali kutenga mwana kuti akhale wako mpaka kalekale, ndipo kumafuna chigamulo cha khoti. Kulera kumene tikunena pano ndi kwina. Mwana amakhala ndi dzina lake, mfunda wake ndi abale ake. Banja lolera limangokhala m'malo mwa makolo pa kudya, pa sukulu, pa matenda ndi pa mwambo.

Banja lofuna kulera limapita ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Social Welfare. Alangizi a kumeneko amafufuza kaye ngati mwanayo ali ndi achibale oti angamusunge, amaona khomo la ofuna kulerawo, ndipo mwana akaperekedwa amayenera kumadzamuyendera. Ena amaona ngati kumeneku ndi kutaya nthawi, koma kulembetsa kumateteza mbali zonse ziwiri. Mwana sasanduka wantchito mobisa, ndipo olera sanamiziridwa kuti adaba mwana. Amene waona mwana ali pa mavuto angathenso kuimba lamya yaulere ya 116. Ngati womwalira adasiya katundu, tikumbukire kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha ana amasiye ndi mlandu.

Miyezi Yoyamba Pakhomo

Tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Tinene kuti patapita miyezi isanu wapezeka ku Limbe ndi mayi wina amene ankagulitsa moyandikana ndi malemu mayi ake. Mayiyo akambirana ndi amuna awo, apita ku ofesi ya boma, amalume a mwanayo avomera, ndipo tsopano akukhala ku Bangwe m'nyumba ya zipinda ziwiri, pamodzi ndi ana atatu a pakhomopo.

Nthano zimathera pamenepa, koma kulera kumayambira pomwepa. Mnyamatayo amabisa mkute pansi pa mphasa, poti mu msewu adaphunzira kuti chakudya cha mawa sichidziwika. Sayankha akafunsidwa. Ana a pakhomo amadandaula kuti ndiwo zachepa. Tsiku lina ndalama isowa m'nyumba, maso onse atembenukira kwa iye, ndipo kukacha apeza mphasa yokha: wabwerera ku Limbe.

Apa ndi pamene pamaoneka ngati mwana wapeza banja. Bambo wa pakhomopo akwera minibasi, ayendayenda mumsika mpaka amupeza, ndipo mawu awo ndi ochepa: “Iwe, tiye kunyumba. Za ndalamazo tikakambirana titadya.” Mwana amene adataya zonse usiku umodzi sakhulupirira msanga kuti khomo lina lingakhalitse. Amaligwedeza kuti aone ngati ligwa. Akathawa n'kulondoledwa, amayamba kukhulupirira.

Zina zimene zimachiza ndi zazing'ono. Adye mbale imodzi ndi ana a pakhomo. Ntchito zigawidwe mofanana, kuti asakhale iye yekha wotunga madzi pamene anzake akuwerenga. Abwerere ku sukulu, ngakhale atabwereza kalasi. Asakakamizidwe kunena kuti “amayi”, pakuti fupa lokakamiza limaswa mphika. Akayamba ndi “azakhali” zikwanira. Aloledwe kukaona mlongo wake, poti ndiye yekha wotsala wa m'nyumba mwawo. Koposa zonse, dzina la malemu lisakhale choletsedwa. Usiku wa mvula yoyamba ya Novembala, madontho akamalira pa malata mnyamatayo ali tcheru pa mphasa, mayi wa pakhomopo ayatse nyali, akhale naye pansi, amufunse kuti, “Mwanangu, kodi mayi ako ankakonda kuphika ndiwo zanji?” Mwina usiku umenewo ndi pamene adzalira koyamba. Asatontholedwe msanga.

Ngati miyezi ikupita koma tulo tikukanikabe, kapena mwana ayamba kunena zofuna kudzipha, olera asachite manyazi kupita naye kuchipatala. Matenda a maganizo ali ndi thandizo monga malungo.

Mbali Yathu

Si banja lililonse limene lingathe kulandira mwana, ndipo tisanamizane pa zimenezi, pakuti ufa wakwera mtengo kwa tonse. Koma mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi likatsegula khomo, lina lingathe kugula yunifolomu, lina makope, lina thumba la chimanga pa nthawi yokolola. Inu achinyamata muli ndi gawo limene akuluakulu sangalithe. Mnzanu woferedwa akasowa m'kalasi sabata imodzi, pitani mukamufune. Musaope kuti mulibe mawu omutonthoza. Muitaneni ku mpira, mubwerekeni makope, ndipo mukaona kuti akugona panja kauzeni munthu wamkulu tsiku lomwelo.

Ife anthu a mumpingo maliro timawadziwa. Amayi a Mvano amachezera kuimba, abambo amasonkha moto panja, chipepeso chimalembedwa m'kope ndi kuwerengedwa poyera. Tiyeni tiwonjezepo chinthu chimodzi pa mwambo umenewu. Tisanabalalike pasiwa, wina aimirire afunse za mwana wamkulu uja amene wakhala akunyamula mabenchi: kodi agona kuti lero, nanga sukulu apitiriza ali kwa yani? Yankho lilembedwe m'kope lomwelo la chipepeso, ndipo pakatha miyezi itatu anthu awiri atumidwe kukaona ngati mwanayo akadali pomwe tidanena.