Tianthu ta m'kompyuta tofuna kachisi

Kukhala mfumu ya tianthu ta m'gemu ya Dwarf Fortress si chinthu chapafupi. Ukhoza kutikumbira nyumba zabwino pansi pa phiri, nkhokwe n'kudzaza tho, mowa n'kumafululidwa usana ndi usiku, koma ukaiwala malo opempherera, posakhalitsa mudzi wonse umakwinya nkhope.

Gemu ya pakompyutayi adaipanga ndi anthu awiri apachibale a ku America, Tarn Adams ndi mkulu wake Zach. Adayamba ntchitoyi m'chaka cha 2002 ndipo anthu adayamba kuisewera mu 2006. Wosewera amapatsidwa tianthu tisanu ndi tiwiri, tatifupi komanso tandevu, tomwe m'nthano za ku Ulaya timatchedwa dwarf. Ntchito yake ndi kutitsogolera kuti tikumbe phiri, tilime, tisule zitsulo ndi kudziteteza kwa adani mpaka mudzi utakula.

Chodabwitsa n'chakuti kanthu kalikonse kali ndi mtima wakewake. Kali ndi abale, anzake, chakudya chomwe kamakonda, ngakhalenso milungu yomwe kamapembedza.

Milunguyi sadailembe ndi Tarn kapena Zach. Munthu akayamba gemu yatsopano, kompyuta imapeka dziko lonse, mapiri, mitsinje ndi mbiri ya zaka mazanamazana, kenaka n'kupekanso milungu, uliwonse ndi dzina lake komanso mbali yomwe umayang'anira. Wina ndi wa mapiri, wina wa chuma, wina wa imfa. Ukayambanso dziko lina, milungu ija yatha, kwabwera ina. Choncho makolo omwe angadzidzimuke kumva mwana akukamba za kumanga kachisi pakompyuta adziwe kuti wopemphera pamenepa si mwanayo. Iye ndi kapitawo chabe, wosankha chipinda ndi kulamula amisiri.

Akachisi adalowa m'gemuyi mu Disembala 2015, pamodzi ndi malo omwera mowa ndi nyumba zowerengeramo mabuku. Kuyambira pamenepo kupemphera kudasanduka chosowa chenicheni cha tianthuti. Kamene katha nthawi yaitali kasanapemphere kamabalalika maganizo, ntchito n'kumaigwira mwaulesi. Nkhawa zikaunjikana kamatha kulusa n'kuyamba kuphwanya katundu ndi kumenya anzake, pomwe kena kamangozingwa osafunanso kudya.

Wosewera wochenjera amangopatula chipinda chimodzi n'kunena kuti ndi cha milungu yonse. Zimathandiza ndithu, koma zili ndi mavuto ake. Tsiku lotsegulira kachisiyo, tianthu tomwe tidali ndi ludzu la mapemphero timathamangira komweko, kusiya minda ndi ng'anjo zili zokha. Ndiye pali tina topembedza milungu itatu kapena inayi, tomwe timafuna kupatsa uliwonse nthawi yake. Mmisiri wotere ukamufuna kuti aseme chitseko, umupeza ali m'kachisi.

Mu Januwale 2020 zinthu zidafika pena. Tianthuti tidayamba kukhala ndi mipingo, ndipo mpingo ukakwanitsa mamembala 10 m'mudzimo umapereka pempho kwa wosewera kuti aupatse kachisi wakewake. Sikuti umalandira chipinda chilichonse ayi. Gemuyi imawerengera mtengo wa chipinda poona makoma osalazidwa, zithunzi zogobedwa pamiyala ndi mafano omwe aikidwamo, ndipo mtengowo uyenera kufika pa 2,000. Akakwana mamembala 25 amabweranso kudzapempha kachisi wamkulu wa mtengo wa 10,000. Aliyense amene adakhalapo m'komiti ya zomangamanga pa tchalitchi kapena pa mzikiti akudziwa momwe nkhani yotere imathera tulo.

Wosewera ali ndi ufulu wokana pempholo, koma opemphawo amakhumudwa. Akavomera n'kulephera kumanga pa nthawi yake, ndiye wadziputira mkwiyo. Akamanga, mpingowo umapeza wansembe wake, ndipo kachisi wamkulu amakhala ndi mkulu wa ansembe. Apa mpamene khama lija limabweza phindu, chifukwa wansembeyo amalalikira komanso kutonthoza tianthu tomwe tili ndi chisoni, monga tomwe taferedwa pa nkhondo.

Milungu ya m'gemuyi siilankhula kawirikawiri, koma siichitiridwa chipongwe. Wodetsa kachisi, monga pogwetsa fano la mulungu wa pamalopo, akhoza kulandira temberero. Ena amasanduka opopa magazi a anzawo usiku, ena amasanduka chilombo mwezi ukakhala wathunthu, ndipo amene walumidwa ndi chilombocho naye amatengera. Mudzi womwe munthu wauvutikira kwa masabata ukhoza kutha psiti chifukwa cha kanthu kamodzi kolusa komwe kadakankha fano. N'chifukwa chake osewera ena saika n'komwe mafano m'kachisi, amakongoletsa ndi makoma okha.

Kwa zaka zambiri gemuyi idali yaulere, ndipo pagalasi pamaoneka zilembo ndi zizindikiro basi, popanda zithunzi. Abale awiriwa ankadya za anthu akufuna kwabwino, ndipo pothokoza ankawatumizira kachithunzi kojambula ndi makrayoni kapena kankhani kakafupi. Mu 2012 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York idasankha Dwarf Fortress kukhala imodzi mwa magemu 14 oyamba kusungidwa kumeneko.

Chidasintha zinthu ndi matenda. Zach adadwala khansa, ndipo poona kukwera mtengo kwa chipatala ku America, awiriwa adaganiza zoyamba kugulitsa gemuyi. Mothandizana ndi kampani ya Kitfox Games ya ku Canada, pa 6 Disembala 2022 adatulutsa ya zithunzi pa Steam, pamtengo wa pafupifupi madola 30. Pofika mu 2025 idali itagulidwa kopitirira miliyoni imodzi. Ya zilembo ija ikupezekabe yaulere, ndipo namonso tianthu tija tikakwana 10 timabwera ndi pempho la kachisi.