Kompyuta Imodzi Ikwanira Gulu Lonse

Ife a kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi tidziwa bwino dima. Munda umene munthu mmodzi angalime sabata yathunthu, gulu liumaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo mwana aphunzira kugwira khasu poona akulu. Anthu olemba mapulogramu a kompyuta naonso ali ndi dima lao.

Ku Lusaka, m'caka ca 2011, acinyamata ena anaona kuti ambiri omaliza maphunziro a kompyuta anali ndi mapepala koma manja anali osazolowera nchito. Anayamba kukumana ndi kuphunzitsana okhaokha. Gulu limenelo ndilo linakhala BongoHive, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ndi a Lukonga Lindunda.

Njira imodzi ya misonkhano yotere, yochedwa coding dojo, inayambira ku Paris. Gulu lisankha vuto laling'ono. Awiri akhala pa kompyuta, wina alemba, mnzace amuongolera, ena onse apenyerera. Pakapita mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, wolemba acoka, wina alowa. Palibe mayeso, palibe mphotho. Wolakwa sasekedwa, pakuti colakwaco ndico phunziro la onse.

Nanga ife alimi zitikhudza bwanji? Kucokera mu 2015, pamene boma linayamba kupatsa alimi ena fataleza wa FISP kudzera pa e-voucher, taona kuti dzina likalembedwa molakwa mu kompyuta, mvula igwa mbeu isanafike. Ndalama za soya ndi nshawa tilandira pa foni. Mapulogramu onsewa alembedwa ndi anthu. Kodi ana athu adzangokhala odinira mabatani a eni ake?

Tikumbukiranso 2015, pamene a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta. M'masukulu ena analemba mpaka usiku cifukwa ca kucepa kwa makina ndi kuzima kwa malaiti. Koma pa dima ili kompyuta imodzi ikwanira anthu khumi.

Conco tipempha abambo a maparishi, akulu a mipingo ndi a makopaletivu: kwaya ili ndi tsiku lake lophunzira nyimbo, patsaninso acinyamata holo Loweruka masana. Mphunzitsi mmodzi wodziwa, laputopu imodzi ndi sola, basi. Vuto loyamba likhale lathu lomwe: pulogramu yowerengera matumba a cimanga a membala aliyense. Makolo, musatsekereze atsikana pakhomo. Mutu umodzi susenza denga.