Bwalo la Kasungu lisadikire Bullets kuti lidzaze

Amene anali pa boma la Kasungu m'chaka cha 2018 akukumbukira mmene tawuni inkasinthira TN Stars ikamasewera pakhomo. Chaka chimenecho timuyi inalowa mu TNM Super League, ndipo achinyamata a ku Santhe, Chamama ndi Wimbe anayamba kuonera Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers maso ndi maso, osakwera basi ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Akabaza, achiwaya ndi amayi amandasi onse ankapha makwacha.

Bwalo la Kasungu ndi limodzi mwa mabwalo amene anamangidwa kudzera ku thumba la Local Development Fund, monga a ku Karonga, Rumphi, Mangochi ndi Mulanje, ndipo lili m'manja mwa khonsolo ya tawuniyi. Silingafanane ndi Bingu la ku Lilongwe lokhala anthu oposa 40,000, koma lili ndi zofunika: mpanda woti anthu azilipira pachipata, pokhala oonerera ndi udzu wosewererapo. Bungwe la FAM likamayendera mabwalo ligi isanayambe, zoterezi ndi zina mwa zomwe limayang'ana.

Vuto ndi lakuti TN Stars itatuluka mu ligi yaikulu, ambiri tinabwerera kumavidiyo sho kukaonera Arsenal. Chonsecho bwalo ndi longa munda, ukasiya kupitako limamera thengo. Udzu umafuna madzi m'chilimwe, zimbudzi zimafuna kukonzedwa, ndipo ndalama zake zimachokera pachipata.

Tiyeni tione kwa anzathu a fodya. Mzinda wa Durham ku North Carolina m'dziko la America unakula ndi fodya ngati Kasungu. Kumeneko kuli Durham Bulls, timu ya baseball yomwe sili mu ligi yaikulu, ntchito yake ndi kusula osewera a Tampa Bay Rays. Koma bwalo lake, lomwe linatsekulidwa mu 1995 pafupi ndi fakitale yakale ya fodya ya American Tobacco, limakhala anthu pafupifupi 10,000 ndipo mabanja amapitako ndi ana omwe. Sadikira timu yotchuka. Amapita chifukwa timuyo ndi yawo.

Ndalama zawo sitingazifikire, koma mtimawo sugulidwa. Matimu a m'ligi ya m'chigawo chapakati ndiwo akusula osewera amene mawa tidzawaimbire m'manja mu Flames. Nanga msika wa fodya ukatsekulidwa ku Chinkhoma, ndalama zikamayenda m'matumba, bwanji makampani ogula fodya ndi amalonda a pa boma osaikapo chikho cha matimu a m'boma lino, ndime yomaliza nkudzachitikira pabwaloli?

Inunso muli ndi mbali yanu. Ndalama ya bandulo yomwe mukuwerengera nkhaniyi siisiyana kwenikweni ndi ya pachipata. Loweruka likudzali, kalipireni pakhomo, osadumpha mpanda. Mukajambula chigoli, chiponyeni pa Facebook, dzina la mnyamatayo limveke mpaka ku Blantyre.